Asainimenti ya zakudya za masiku atatu: nsima tikuiwerengera bwanji?

Kalasi Repu: Mwaswera bwanji anzanga. Asainimenti yachiwiri ya kosi yathu ya kadyedwe koyenera ikutsekedwa Lamlungu nthawi ya 23:59. Kwa amene simunalowe pa Moodle, tsamba la pa intaneti lomwe timaperekerapo ntchito za sukulu, sabata ino, ntchito yake ndi iyi: tilembe zonse zomwe tadya ndi kumwa kwa masiku atatu, awiri a mkati mwa sabata ndi limodzi la kumapeto kwa sabata. Kenako tiwerengetse makalori, mapuloteni, ayironi ndi vitamini A, tifananize ndi mlingo womwe munthu wa msinkhu wathu amafunika, ndipo tilembe masamba awiri ofotokoza zomwe tapeza. Malikisi 10 ndi a tebulo, 10 ndi a masamu, 20 ndi a kufotokozako. Lero ndi Lachitatu, ndiye amene simunayambe mwatsala ndi mawa, Lachisanu ndi Loweruka basi.

Nabanda: Zikomo a Repu. Abale ndithandizeni. Ndalowetsa tsiku loyamba mu app imene buku lathu likutchula ija, yanditulutsira makalori 5,100. Ineyo, wa makilogalamu 54? Ndikanakhala kuti ndimadya chonchi bwenzi ndisakulowa pakhomo.

Ticha: Achemwali, nsima mwailowetsa ngati chiyani?

Nabanda: Nsima mulibemo, ndiye ndasankha cornmeal. Magalamu 600 masana, 600 usiku. Ndayeza pa sikelo ya kukhitchini, sindinangoganizira ayi.

Ticha: Kuyezako mwayeza bwino, vuto ndi chimene mwasankhacho. Umenewo ndi ufa wouma, ndipo magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Mwaiuza app kuti mwabwira ufa wopitirira kilogalamu imodzi, ndiye yakupatsani 4,320 pa nsima yokha. Koma nsima yophika mbali yaikulu ndi madzi, ndipo madzi alibe makalori.

Chitani chonchi pophika mawa. Yezani ufa wonse musanayambe, kuphatikizapo wa phala loyambira lija, ndipo wotsala mu lichero muuyezenso kuti muchotsere. Mukaomola, yezani mitanda yonse pamodzi. Tinene kuti ufa walowa magalamu 500 ndipo nsima yatuluka magalamu 1,600. Makalori onse mu mphikamo ndi 1,800. Mukagawa ndi 1,600 mupeza kuti magalamu 100 a nsima yanuyo ali ndi makalori 113 kapena chapomwepo. Magalamu 600 anu aja abwera pa 675, osati 2,160.

Nabanda: Eeh, mtima wakhala pansi.

Namwino wa Usiku: Njira ya a Ticha ndi yolondola, koma musaiwale kuti dziko lino lili ndi tebulo lakelake. Malawian Food Composition Table linatuluka mu 2019, boma linagwira ntchitoyo pamodzi ndi LUANAR komanso akatswiri a ku South Africa ndi ku America. Muli zakudya zoposa 300 ndipo nsima yophikaphika ilimo, usipa ulimo, masamba athuwa alimo. Ndi PDF yaulere. Ine ndimayamba kufufuza m'menemo, chimene ndasowa ndi chomwe ndimapita nacho ku FoodData Central ya ku America, ndipo pa tebulo langa ndimaika danga lolemba komwe nambala iliyonse yachokera.

Ticha: Zoona amayi. Ndingowonjezera kuti nsima zimasiyana kulimba. Ya panyumba pomwe pali ana aang'ono si yofanana ndi ya pa mmemo wa oumba njerwa. Amene ali ndi sikelo ayese njira zonse ziwiri, akapeza kusiyana alembe mu lipoti. Amadamu otiphunzitsa kosiyi amakonda zoterozo.

Make Mapasa: Nanga ife opanda sikelo? Komanso kwathu ndiwo timapisa m'mbale imodzi ndi ana. Ndidziwa bwanji kuti ineyo ndadya zochuluka bwanji?

Mlangizi wa ku Dowa: Amayi, sikelo simukuyenera kukhala nayo masiku onse atatu. Bwerekani kamodzi kokha kwa ogulitsa pa golosale kapena kwa oyeza nyemba pa msika. Omolani mtanda umodzi ndi chipande chanu cha masiku onse, muuyeze, mulembe. Kuyambira pamenepo muzingowerenga mitanda. Kapu yanu ya tiyi muidziwe pogwiritsa ntchito botolo la madzi la mamililita 500: thirani muone kuti botolo limodzi likudzaza makapu angati. Cup ya m'buku la ku America ija ndi mamililita pafupifupi 240, pomwe makapu athu apulasitiki aja ambiri ndi aakulu kuposa pamenepo. Supuni yaing'ono ndi mamililita 5, yaikulu 15.

Za ndiwo, kwa masiku atatuwa dzipakulireni m'kambale kanu. Ana adabwa koma apirira. Chimene ambiri amaiwala ndi mafuta ophikira, chifukwa saoneka m'mbale. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120. Ngati mu mphika mwalowa masupuni anayi ndipo inu mwadya gawo limodzi mwa magawo anayi a ndiwozo, lembani supuni imodzi. Nsinjiro za m'masamba otendera chimodzimodzi. Shuga wa mu tiyi, supuni yaing'ono ndi magalamu 4, makalori 16, koma ndikunena supuni yosefukira ayi.

Achimwene a ku Joni: Supuni yosasefukira imapezeka kuti? 😂

Mbadwa ya Nsanje: Akuluakulu, ndifunse zoona zake. Ine masiku awiri omwe ndalemba kale ndi tiyi wopanda mkaka ndi mbatata m'mawa, nsima ya masoya masana, nsima ya masoya omwewo usiku. Loweruka sizisinthanso chifukwa malipiro sanatuluke. Kodi ndikawonjezerako dzira limodzi ndi nthochi pa pepala pokha, alipo adziwe? Zikundichititsa manyazi kuti Amadamu awerenge zimenezi, munthu wophunzira za kadyedwe koyenera.

Achimwene a ku Joni: Palibe adziwe mphwanga, ika ndi chambo chomwe.

Namwino wa Usiku: Achimwene musamusocheretse mwana. Mbadwa, tayang'anani kagawidwe ka malikisi kamene a Repu alemba pamwambapa. Palibe ngakhale malikisi amodzi a kudya bwino. Theka lonse lili pa kufotokoza. Munthu amene walemba kuti amadya magulu onse tsiku lililonse, zipatso kawiri, mkaka kapu imodzi, adzalemba chiyani m'masamba awiriwo? Adzangoti zonse zili bwino, kenako n'kuyamba kukopera za m'buku kuti adzaze pepala.

Inuyo muli ndi zolemba zambiri kuposa tonsefe. Mapuloteni mwina mupeza kuti sali pansi kwenikweni, chifukwa masoya ali nawo ambiri ndipo mlingo wa munthu wamkulu ndi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Koma vitamini A mupeza kuti ikudalira mtundu wa mbatatayo. Ngati ndi yoyera mkati, ndi yochepa kwambiri. Ngati ndi yofiira mkati monga Zondeni, tsikulo lasinthiratu. Vitamini C mulibe chipatso chomubweretsa, B12 mulibe chanyama chilichonse. Mukatero mufotokoze chifukwa chake: ndi kumapeto kwa mwezi, ndalama zatha, nyengo ya mango sinafike. Kenako munene zosintha zomwe thumba lanu lingakwanitse, monga kamulu ka bonya, bonongwe kapena chisoso cha kudimba, nsinjiro, malambe, masau. Malangizo akuti munthu azidya salmon ndi broccoli amapezeka m'buku, koma amene tidzawalangize ku sikelo ya ana sadzawagwiritsa ntchito.

Ndipo kumbukirani kuti mawa ndi inu mudzakhale mukufunsa mayi kumudzi kuti dzulo mwana anadya chiyani. Nayenso adzafuna kuwonjezera dzira kuti asachite manyazi pamaso panu. M'maphunzirowa vutoli limadziwika, anthu amabisa zina, amawonjezera zina, ena amasintha kadyedwe chifukwa choti akudziwa kuti akulemba. Ikani zimenezo pa gawo la zofooka za njirayi.

Ticha: Ndipo kwanu komweko kuli nkhani yoti mutha kuitchula. Mu 1989 ndi 1990 matenda a pellagra anabuka pakati pa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala m'maboma a kumwera, Nsanje ili m'gulu. Anadwala anthu masauzande ambiri. Chinachititsa ndi chakuti ankadalira chimanga, ndipo mtedza womwe ankalandira unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Pellagra imabwera thupi likasowa niacin (vitamini B3), ndipo niacin wa m'chimanga ndi womangika, thupi silimutenga mosavuta. Anthu a ku Mexico amaphika chimanga chawo m'madzi a laimu ndipo zimenezo zimamumasula, ife sititero. Ndiye funso loti munthu wodya nsima kawiri pa tsiku akudyera chiyani si laling'ono.

Mbadwa ya Nsanje: Ndamva. Mbatatayo ndi yoyera. Ndilemba momwe zilili.

Achimwene a ku Joni: Chabwino ndagonja, chambo chichotsedwe. Koma langa ndi ili. Kuno ndimadya pap ya ufa wa m'sitolo. Ndigwiritse tebulo la kumudzi kapena?

Namwino wa Usiku: Makalori sasiyana kwambiri, koma ayironi ndi vitamini A zisiyana. Ku South Africa lamulo linayamba mu 2003 loti ufa wa chimanga wogulitsa uziwonjezeredwa mavitamini ndi michere ina, kuphatikizapo vitamini A, ayironi, zinki ndi folic acid. Werengani pa paketi, manambala alembedwa pamenepo, kapena fufuzani tebulo la South African Medical Research Council. Kuno kumudzi ambirife timakagayitsa chimanga chathu ku chigayo, ndiye ufa wathu ulibe zowonjezerazo. Zomwe zimawonjezeredwa n'kufika pafupifupi nyumba iliyonse ndi shuga ndi mafuta ophikira, zomwe zili ndi vitamini A, komanso mchere wa ayodini. Amene mukugula mafuta oyeza m'timapepala pa msika, simungatsimikize kuti ali ndi vitaminiyo, ndiye nenani choncho mu lipoti.

Nabanda: Funso lina. Pofotokoza za magulu a zakudya titsate ati? Buku likunena MyPlate ya magulu asanu, manotsi a sabata yachinayi akunena magulu khumi, kuchipatala timaphunzitsa asanu ndi limodzi. Mutu wanga wazungulira.

Mlangizi wa ku Dowa: Zitatuzi ntchito zake n'zosiyana. MyPlate ndi ya boma la America, inatuluka mu 2011, ndipo mkaka uli ndi gulu lakelake chifukwa kumeneko amamwa kwambiri. Athu asanu ndi limodzi ndi ophunzitsira anthu kuno: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. M'menemo mkaka, mazira, usipa, ngumbi ndi mbewa zonse zili ku zanyama. Mtedza uli ku nyemba pamodzi ndi nandolo, khobwe ndi nzama. Mapeyala ali ku zamafuta ngakhale timawathyola mu mtengo, ndipo nthochi zaziwisi zophika zili ku zokhutitsa limodzi ndi chinangwa.

Magulu khumi aja ndi a MDD-W, muyeso wa FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, wa amayi a zaka 15 mpaka 49. Mayi amayenera kufika magulu asanu mwa khumiwo pa tsiku. Kumeneko mazira ali paokha, mkaka paokha, nyemba ndi mtedza n'zolekana, masamba obiriwira kwambiri ali paokha, ndipo mafuta sawerengedwa n'komwe. Chakudya chosakwana magalamu 15 sichiwerengedwanso, ndiye kachidutswa ka anyezi kokometsera ndiwo musakatenge ngati gulu. Chinanso, muyeso umenewu anaupanga kuti uziyeza gulu la anthu, monga amayi a m'boma lonse, osati kugamula za munthu mmodzi.

Ine ndagwiritsa athu asanu ndi limodzi, ndipo ndalemba chiganizo chimodzi chonena chifukwa chake.

Kalasi Repu: Malangizo a asainimenti akungoti tigwiritse ndondomeko yovomerezeka ndipo tiitchule. Ndiye a Mlangizi ali m'njira.

Make Mapasa: Pa ayironi ndapeza mamiligalamu 19 ndipo buku likuti mayi amafunika 18. Ndiye ndakwanitsa eti? Koma kuchipatala mwezi wathawu anandiuza kuti magazi ndi ochepa.

Ticha: Pamenepa ndi pomwe pali malikisi amayi. 18 ameneyo ndi wa ku America, wa mayi wa zaka 19 mpaka 50. Bambo ndi 8, mayi woyembekezera ndi 27. Koma manambalawo anawapanga poganizira anthu amene amadya nyama kawirikawiri, ndipo ayironi wa m'nyama thupi limamutenga mosavuta. Wa m'chimanga, nyemba ndi masamba amalowa pang'ono, chifukwa phytate amene ali m'gaga ndi m'nyemba amamugwira. Ndi chifukwa chake WHO ndi FAO mu 2004 anapereka milingo yosiyana potengera kadyedwe. Kwa mayi wosasiya kusamba, ngati thupi likutenga 15 peresenti ya ayironi wa m'chakudya amafunika mamiligalamu 19.6, ngati likutenga 10 peresenti amafunika 29.4, ngati ndi 5 peresenti yokha amafunika 58.8. Munthu wodya nsima, nyemba ndi masamba, nyama mwa apo ndi apo, sali pa 15 peresenti. Ndiye 19 wanuyo pa buku la ku America wakwana, pa mlingo wogwirizana ndi mbale yanu sanakwane. Ikani zonse ziwiri, munene chomwe mwasankha.

Namwino wa Usiku: Koma musalembe kuti magazi achepa chifukwa cha chakudya basi. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi, zonsezi zimachepetsa magazi, ndipo tebulo la masiku atatu silingakuuzeni chomwe chachititsa. Zomwe mungalembe ndi zimene zimathandiza kapena kulepheretsa ayironi kulowa. Tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Vitamini C amathandiza, ndiye malambe, gwafa kapena tomato wosapsetsa pa nthawi ya chakudya ndi zabwino. Soda kapena chidulo chimene timathira mu therere ndi nkhwani kuti zifewe chimawononga vitamini C ndi ena a gulu la B.

Mbadwa ya Nsanje: Ndiye ngati gaga ndi amene akugwira ayironi, ufa woyera ndi wabwino kuposa mgaiwa? Ife timaphunzitsidwa zosiyana ndi zimenezo.

Ticha: Funso labwino, ndipo yankho lake si la mbali imodzi. Kukonola ndi kuviika mphale kumachotsa phytate wambiri, koma kumachotsanso ayironi, zinki, mavitamini a B, mafuta a mu mtima wa chimanga ndi gaga amene amathandiza m'mimba. Mgaiwa uli ndi michere yambiri koma ina ndi yomangika. Woyera uli ndi yochepa.

Mlangizi wa ku Dowa: Ine kumudzi ndimalimbikitsabe mgaiwa, makamaka pa phala la ana losakaniza ndi nsinjiro kapena soya. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo (DHS) wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Phala la ufa woyera lamadzimadzi lothira mchere wokha silingatichotse pamenepo.

Ticha: Pa phala la ana sindikutsutsani. Ndikungoti mu lipoti asalembe kuti mgaiwa ndi wabwino basi osafotokoza mbali inayo.

Mlangizi wa ku Dowa: Apo tagwirizana theka.

Achimwene a ku Joni: Abale, ine ndimaweruka 10 koloko usiku. Masamba awiriwo ndikangomupatsa ChatGPT tebulo langa kuti alembe, pali mlandu?

Kalasi Repu: Ulipo achimwene. Malamulo a kosi akuti ntchito ikhale yanu, ndipo mafayilo onse amadutsa pa Turnitin, pulogalamu yofufuza ntchito zokopera. Chinanso, ChatGPT amatha kukupekerani mabuku ndi malipoti oti kulibe, mayina a olemba ndi chaka chomwe, zooneka ngati zenizeni. Amadamu akafufuza n'kusapeza, nkhani yake imakula kuposa kuchedwa kupereka.

Namwino wa Usiku: Ndiponso sadziwa kuti kwanu mafuta munagawana anthu angati, kapena kuti Lachisanu munadya kamodzi chifukwa cha shifiti. Kufotokozako n'kwa mbale yanu. Lembani ndime zinayi zokha pa foni muli m'basi: zomwe mwapeza, pomwe mwapereweza kapena kupitirira, chifukwa chake, zomwe mungasinthe. Zofooka za njirayi muike kumapeto.

Nabanda: Za Turnitin zomwezo, asainimenti yoyamba inandionetsa 31 peresenti ndipo sindinakopere kwa munthu.

Ticha: Nambala imeneyo imangosonyeza mawu ofanana ndi a kwina, sikuti yagamula kuti mwaba. Tsegulani lipotilo muone pomwe paikidwa mtundu. Nthawi zambiri ndi mitu ya tebulo, funso la asainimenti ngati munalikopera pamwamba, ndi mndandanda wa mabuku. Zimenezo sizivuta. Chovuta ndi ndime yathunthu yofanana ndi ya munthu wina. Werengani, tsekani bukulo, lembani m'mawu anu, kenako tchulani mwini wake ndi chaka motsatira ndondomeko yotchulira mabuku ya APA 7. Tebulo la zakudya nalonso litchulidwe, chifukwa manambala onse achokera m'menemo.

Musanatumize yesani masamu anu motere: magalamu a carbohydrate kuchulukitsa ndi 4, a mapuloteni ndi 4, a mafuta ndi 9, muphatikize. Zikuyenera kuyandikira makalori omwe mwalemba. Zikatalikirana kwambiri ndiye kuti pena mwaphonya kadontho. Amene Loweruka mukamweko, mowa ndi makalori 7 pa galamu ya alcohol, ndipo nawonso ulembedwe.

Achimwene a ku Joni: A Ticha mwayang'ana ine bwanji?

Make Mapasa: Kodi ndingalembe za ana anga m'malo mwa ine? Iwowo ndi amene ndimawayezera chakudya bwinobwino.

Kalasi Repu: Malangizo akuti za inu mwini amayi. Za ana zikubwera mu asainimenti yachitatu, ndipo kumeneko kudzafunika chilolezo cha kholo, osalemba dzina la mwana kapena kuika chithunzi chake. Amene mumagwira ntchito kuchipatala, musatenge mafayilo a odwala.

Za katumizidwe. Sandutsani fayilo kukhala PDF kuti tebulo lisabalalike. Mukakweza pa Moodle musatuluke msanga, onani ngati palembedwa Draft. Ngati palembedwa choncho ndiye kuti simunapereke, dinani batani la Submit mpaka pasinthe, ndipo jambulani sikirini musunge. Musadikire Lamlungu usiku, magetsi ndi netiweki mukuzidziwa, ndipo bandulo imathera pomwe fayilo ili pa 90 peresenti. Amene muli ndi vuto lenileni, matenda kapena maliro, lembani imelo kwa Amadamu tsikulo lisanafike, osati Lolemba.

Mbadwa ya Nsanje: Thobwa nalo? Neba wandipatsa kapu imodzi madzulo ano ndipo sindikudziwa kuti anathiramo shuga wochuluka bwanji.

Mlangizi wa ku Dowa: Yezani kapuyo ndi botolo lija, kenako kafunseni nebayo kuti mu ndowa yonse analowetsa ufa, chimera ndi shuga wochuluka bwanji, ndipo munatuluka malita angati. Mugawe ngati momwe a Ticha anachitira ndi nsima. Akakana kuulula, yang'anani mu tebulo la 2019, mulembe pambali kuti shuga ndi wongoyerekeza.

Kalasi Repu: Amadamu ayankha imelo yanga. Akuti masamu a mu Excel tiwaike ngati tsamba lowonjezera kumapeto kwa PDF yomweyo, ndipo sakuwerengedwa pa masamba awiri aja. Fayilo ikhale imodzi, dzina lake likhale nambala yanu ya sukulu.